Luso la Pakhadi: Momwe Malamulo a Tebulo Lathu la ku Rosettenville Akuyendera

Malichi

Ndayamba kulemba malamulo aafupi a momwe munthu wa m'masewera azipezera luso latsopano patebulo lathu. Timasewera Lamlungu masana anthu akaweruka kutchalitchi, pabalaza la nyumba imene timachita lendi kuno ku Rosettenville, ku Joni. Osewera alipo asanu, ine ndiye woyendetsa nkhani, ndipo anzangawa amangonditchula kuti a GM. Maziko ake ndi a Dungeons & Dragons, masewera oluka nkhani pamodzi, amene wosewera aliyense amakhala ndi munthu wake wopeka ndipo madayisi amagamula ngati zimene wayesa zatheka, koma mabuku ake onse tilibe. Tikugwiritsa ntchito chikalata chaulere chotchedwa SRD 5.1, chimene kampani ya Wizards of the Coast inachiika pa chilolezo cha Creative Commons mu Januwale 2023. Aliyense akhoza kumangapo zake popanda kuopa mlandu, bola atchule kumene wazitenga.

Chimene chikundivuta ndi ichi. M'malamulowo munthu wako amasonkhanitsa mapointi otchedwa XP, makamaka pogonjetsa zilombo ndi adani. Akafika 300 amalowa levulo 2, pa 900 levulo 3, pa 2,700 levulo 4, pa 6,500 levulo 5, mpaka 355,000 pa levulo 20. Nambala ikangokwana, luso limangotera papepala. Mlenje wagona ali mlenje wamba, kukucha wadziwa matsenga, popanda womuphunzitsa, popanda chimene wataya. Luso lobwera motero anthu amaliiwala. Alamu anga, amene amasewera mlenjeyo, anakhala miyezi ali ndi luso papepala osaligwiritsa ntchito, koma mkondo umene anapatsidwa ndi mfumu ya m'nkhani atapulumutsa mwana wake pamtsinje amautchula Lamlungu lililonse, mpaka amadziwa pamene mpini wake unang'aluka. Chonsecho luso lija linali lamphamvu kuposa mkondo.

Palinso chifukwa china chimene chandikakamiza. Maluso apadera amene m'masewerawa amatchedwa ma feat, omwe anayamba ndi malamulo a chaka cha 2000, mu SRD 5.1 mulimo limodzi lokha, lotchedwa Grappler, logwirira mdani. Ngati tikufuna ena, tiyenera kulemba tokha. Ndiye popeza tilemba tokha, tisankhenso tokha njira yowapezera.

Opanga masewerawa akhala akulimbana ndi funsoli kuyambira kale. Pamene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa Dungeons & Dragons mu 1974, golide amene watuluka naye m'phanga ankasanduka mapointi, ndiye osewera ochenjera ankazemba chilombo n'kuthawa ndi chuma m'malo momenyana nacho. Ukalipira chuma, anthu amasanduka akuba. Ukalipira kupha, amapha chilichonse choyenda. M'buku la woyendetsa la Advanced Dungeons & Dragons la 1979, mapointi okha sankakwanira. Munthu ankayenera kukapeza mphunzitsi n'kulipira golide 1,500 kuchulukitsa ndi levulo yake pa sabata iliyonse ya maphunziro. Mtengowo unali wankhanza, koma ganizo la mphunzitsi ndalikonda, ndipo ndiyambira pamenepo.

Epulo

Tayesa njira ya RuneQuest, masewera a kampani ya Chaosium a mu 1978, imene inapitiriranso mu Call of Cthulhu mu 1981. Kumeneko kulibe malevulo. Ukagwiritsa ntchito luso n'kupambana, umaika chizindikiro pambali pake. Ulendo ukatha umaponya madayisi opereka nambala kuyambira 1 mpaka 100, ndipo luso limakwera pokhapokha nambala ikaposa luso lako la panopa. Papepala n'zokongola kwambiri: amene ali pa 30 ali ndi mwayi waukulu wokwera, amene ali pa 90 amakwera movutikira, ngati mmene zilili pophunzira ntchito iliyonse.

Patebulo lathu zinabala chipwirikiti. Malume athu atelala, amene amasewera mbala yokalamba, anayamba kusintha zida pakati pa ndewu: abaya ndi mpeni, aika chizindikiro, atenga uta, aika chizindikiro, kenako afunsa ngati angamenye ndi mpini wa khasu. Mtengo uliwonse wa m'njira anthu asanu ankafuna kuukwera. Nkhani inaima, tinatsala n'kusaka zizindikiro. Njirayi taisiya.

Chimene tatolako mwezi uno n'cha Dungeon World ya 2012, kumene umaponya madayisi awiri a mbali 6, ndipo ukapeza 6 kapena kutsika, walephera koma umalandira pointi. Kulephera kukamalipira, anthu saopa kuyesa zovuta. Ndachisunga kuti ndichigwiritse ntchito mwanjira ina.

Meyi

Malamulo oyamba alembedwa, ndipo akukwana tsamba limodzi. Luso lapadera lililonse likhala pakhadi. Makhadiwo ndadula ku makatoni a kushopu ya pakona. Pakhadi pamalembedwa dzina la luso, amene wakupatsa kapena chimene chinakuchitikira, zimene lusolo limachita, ndi mtengo wake. Khadi silibwera chifukwa chakuti mapointi akwana. Limabwera munthu wako akachita chinthu m'nkhani chimene chamutayitsa kanthu.

Khadi loyamba lapita kwa achemwali oluka tsitsi ku Turffontein, amene amasewera sing'anga. Gulu linafika m'mudzi wogwidwa ndi nthomba, pomwe achifwamba amene ankawasaka anali atangodutsa dzulo lake. Anayi anati tithamangire achifwamba mapazi asanafufutike. Achemwali anati sing'anga wawo sachoka. Anatsala yekha ndi gogo wina wa m'mudzimo, mzamba, akutunga madzi ndi kusinja mankhwala, ndipo gawo lake la chuma cha achifwamba linamudutsa. Pomaliza ndinawapatsa khadi lolembedwa kuti Manja a Agogo: kamodzi patsiku, akakhala ndi wodwala usiku wonse, matenda kapena poizoni zimachoka popanda kuwononga matsenga ake, koma iye sapuma usiku umenewo, ndiye m'mawa mphamvu zake sizibwerera. Anawerenga khadilo kawiri, n'kufunsa kuti, "Agogo aja dzina lawo ndani? Ndilembe kumbuyo kuno." Gogoyo ndinali ndisanamupatse dzina. Anamupatsa okha.

Tsopano nkhani ya masamu, imene yandidyera nthawi kuposa zina zonse. Pa dayisi ya mbali 20, kuwonjezera 1 kumakweza mwayi ndi 5 pa 100 basi, ndipo palibe amene amakumva patebulo. Mwayi woponya madayisi awiri n'kusankha nambala yaikulu, umene malamulo a Dungeons & Dragons a 2014 amautcha advantage, ndi nkhani ina. Ngati ukufuna 11 kapena kuposa, mwayi umachoka pa 50 kufika pa 75 pa 100. Ngati ukufuna 16, umachoka pa 25 kufika pafupifupi 44. Khadi lopatsa munthu zimenezi pa ndewu iliyonse lingamusandutse mfumu ya tebulo. Chifukwa chake ndatsimikiza kuti makhadi asamakweze nambala zomenyera. Azitsegula khomo limene linali lotseka: kudziwa njira za pansi pa mzinda, kumva chinenero cha asodzi a kutsidya, kukhala ndi ufulu wolankhula pabwalo la mfumu. Ngati khadi lipereka madayisi awiri, likhale la pamalo opapatiza, monga pankhondo ya m'bwato kapena mumdima wa m'phanga.

Malire ndi makhadi atatu pa munthu. Nambalayo ndabwereka ku lamulo la zida zamatsenga la 2014, limene limalola munthu kulumikizana ndi zida zitatu zokha nthawi imodzi. Wofuna lachinayi asiye limodzi, ndipo afotokoze m'nkhani kuti walisiya bwanji.

Juni

Kuzizira kwa Joni kwafika, tikusewera titafunda mabulangete, tiyi ali pambaula. Ndipo malamulo anga akumana ndi vuto lenileni, limene mabuku a ku America sanalilembe.

Achimwene amene amasewera msilikali ndi mlonda ku Randburg. Ndandanda yawo ya ntchito imasintha sabata ndi sabata, ndipo Lamlungu likagwa pa tsiku lawo, palibe chokambirana. Alamu anga amayendetsa njinga yamoto yoperekera zakudya, ndipo kumapeto kwa mwezi maoda amachuluka, sangasiye ndalama chifukwa cha madayisi. Pamene tinkawerengera XP ya munthu aliyense payekha, awiriwa anatsalira levulo yathunthu. Makhadi anangowonjezera mpata, chifukwa khadi limapezedwa ndi amene alipo.

Achimwene anandiimitsa pageti tikuwaperekeza kokwerera minibasi. Anati, "A GM, tandiuzani. Ine ndimaima maola 12 pageti la eni ake kuti ana kumudzi adye. Ndikabwera kuno kudzapumako, mukundiuzanso kuti munthu wanga ndi wotsalira chifukwa ndinali kuntchito? Nanga mukundilipiritsa chiyani?" Ananena akuseka, koma sabata yotsatira anali pa ofu ndipo sanabwere.

Ndakhala ndi funsoli masiku angapo, ndipo ndagawa zinthu pawiri. Malevulo tsopano ndi a gulu lonse. Sitiwerenganso XP. Gulu likamaliza chigawo chachikulu cha nkhani, onse amakwera limodzi, wobwera ndi wosabwera yemwe. Njirayi ilimo kale m'buku la woyendetsa la 2014, si yanga ayi. Nambala zomenyera, moyo wa munthu, matsenga a m'gulu lake, zonsezi zimayenda ndi levulo, choncho palibe amene angafe msanga chifukwa bwana wake anamusinthira tsiku. Makhadi okha ndi amene atsala olipeza, ndipo popeza sakweza nambala, wokhala ndi limodzi sagonja kwa wokhala ndi atatu pankhondo.

Koma ngakhale zili choncho, wosabwera akanakhalabe wopanda khadi. Ndiye ndawonjezera lamulo ili: munthu wa wosewera amene sanabwere sazimiririka, amakhala ali kwina, ndipo kwinako n'kumene maphunziro amachitikira. Pakati pa sabata timatumizirana mawu pa WhatsApp. Ndimafunsa kuti msilikali uja anapita kuti, mwini wake amayankha, ine ndimaponya dayisi kuno n'kujambula chithunzi. Achimwene atumiza mauthenga awo usiku ali m'kanyumba ka alonda, akunong'ona, kufotokoza momwe msilikali wawo anagwirira ntchito kwa wosula zitsulo wa kuphiri, akupopa mvukuto mwezi wathunthu popanda malipiro. Anabwerako ndi khadi lotha kuona chilema cha chida chilichonse pongochigogoda. Nkhani imene anailuka m'mauthenga amenewo inaposa zambiri zimene timachita tonse tili pamodzi, mwina chifukwa panalibe wowadula mawu.

Julayi

Mwezi uno sitinayese zambiri. Mayi eni nyumba anatipeza tikuponya madayisi, anaima pakhomo n'kufunsa ngati tayamba kutchova juga m'nyumba mwawo. Tinawakhazika pansi kuti aone okha kuti palibe ndalama imene ikusintha manja. Anamvetsera kwa kanthawi, kenako anati, "Basi ndi nthano izi, kungoti akuluakulu ndinu opanda manyazi." Atisiya.

Chimene takambirana mozama ndi makhadi ochokera kwa mizimu. Buku la woyendetsa la 2014 lili ndi mphatso zoterezi, madalitso ndi zithumwa zimene milungu ya m'nkhani imapereka. Dziko la nkhani yathu ndi longopeka, koma mapiri, nyanja ndi mafumu ake akufanana ndi kwathu, ndiye mphwanga, amene amasewera wamatsenga, anafuna kuti tiikemo kachisi wa Mbona wa ku Khulubvi ndi wa Makewana wa ku Msinja ndi maina awo enieni. Malume anakana. Anati kumeneko kuli anthu amene amapembedza ndi mtima wonse, si malo oti tizikaponyerako dayisi. Za Gule Wamkulu anangoti, "Zimenezo musaziyambe n'komwe," ndipo palibe anafunsa kawiri. Ndagwirizana nawo. Akachisi athu akhala ndi maina opeka.

Ogasiti

Ndawerenga makhadi amene aperekedwa kufikira pano, ndipo chithunzi chake sichinandisangalatse. Achemwali ndi malume, amene pakamwa sipawavuta, ali ndi ochuluka. Mphwanga, amene amakhala chete n'kumaganiza, alibe ngakhale limodzi. Luso likamaperekedwa ndi woyendetsa potengera zimene zamusangalatsa, ndiye kuti tikulipira kulankhula, osati kusewera bwino. Ngozi yake yaikulu ya njira yonseyi ili pamenepa. XP ili ndi zoipa zake, koma ilibe tsankho: chilombo chikafa, nambala ndi yomweyo kwa aliyense.

Tinayesa kuti osewera azisankhana okha pomaliza, kuti lero woyenera khadi ndani. Zinasanduka chipereganyu, lero ndikuvotere iwe, sabata ya mawa undivotere ine. Tasiya msanga.

Chimene chikuoneka kuti chagwira ndi ichi. Aliyense walemba kumbuyo kwa pepala lake chinthu chimodzi chimene munthu wake akulakalaka kudziwa. Ntchito yanga ndi kuika njira yopita ku chinthucho penapake m'nkhani, osati pafupi, osatinso kobisika, ndi kunena mtengo wake poyera asanayambe. Wosewera amasankha yekha kulipira kapena kudutsa. Potero sindikhalanso woweruza wa amene wachita bwino, ndimangokhala wogulitsa amene mitengo yake yalembedwa. Mphwanga analemba kuti wamatsenga wake akufuna kuwerenga zolemba za pamiyala za anthu akale. Ndinaika nkhalamba yakhungu imene imadziwa, koma imafuna woiwerengera ndi kuitsogolera mpaka kwawo, ulendo wopatuka pa njira ya gulu. Mnyamata amene samalankhula uja anatsutsana ndi anthu anayi mpaka anavomera kupatuka.

Apa m'pamene ganizo la Dungeon World lija labwerera. Mtundu wina wa khadi tikuutcha chipsera. Munthu akalephera kwambiri pa chinthu chachikulu, monga kumira kapena kugwidwa ukapolo, n'kupulumuka, mwini wake akhoza kupempha khadi lochokera pa tsokalo. Mlenje wa alamu anga anakokoloka ndi madzi osefukira. Tsopano amadziwa kuti mtsinje udzaza mvula isanagwe pamalopo, koma akafuna kuwoloka madzi akuya amaponya madayisi awiri n'kutenga nambala yaing'ono. Alamu anasankha okha chilema chimenecho, ndipo chinali chowawa kuposa chimene ine ndikanawapatsa.

Seputembala

Funso la mwezi uno: kodi khadi lingalandidwe?

Mbala ya malume inalandira mphatso pa kachisi wa m'nkhalango, yoyenda osasiya mapazi, ndipo mwambo wake unali woti isadzabe m'nyumba imene yadyamo nsima. Patapita masabata, gulu linalandiridwa kwa mwini chuma wina, linadya, ndipo malume anaona bokosi. Ndinawakumbutsa zimene zalembedwa pakhadi lawo. Anati akudziwa. Anaba. Ndinatambasula dzanja, iwo anandipatsa khadi.

Mkangano unabuka pakati pa ena, osati malume. Mphwanga anati chinthu chimene munthu wachivutikira sichiyenera kulandidwa, apo ayi anthu adzaleka kuchifuna. Achemwali anati mwambo wopanda chilango si mwambo. Malume anangoti, "Walira mvula walira matope, mwana wa mlongo wanga. Ndinkadziwa." Kenako anafunsa ngati kachisi uja amalandira opepesa.

Ndalemba motere. Khadi la mphunzitsi ndi la chipsera sililandidwa, chifukwa chimene wadziwa wadziwa. Khadi la mizimu limagona mwambo ukasweka, koma mwambowo uyenera kukhala wolembedwa pakhadi kuyambira tsiku loyamba, woyendetsa ayenera kuchenjeza chinthucho chisanachitike, ndipo njira yobwezera iyenera kukhalapo. Woyendetsa amene amalanda luso modzidzimutsa, pa lamulo limene linali m'mutu mwake mokha, akuwononga tebulo lake. Pa ichi sindikusintha maganizo.

Kumapeto kwa mwezi ena a ife tinapita ku Comic Con Africa, chionetsero cha masewera ndi nthano za zithunzi, ku Nasrec kuno ku Joni. Ndinagulako madayisi ena, chifukwa asanu kulimbirana dayisi imodzi ya mbali 20 kumachedwetsa ndewu iliyonse.

Okutobala

Gulu latsala pang'ono kulowa levulo 5, ndipo pamenepa masewera amadumpha. Msilikali amayamba kumenya kawiri pa mpata umodzi. Wamatsenga amafika pa matsenga a gawo lachitatu, kuphatikizapo fireball, moto wa madayisi 8 a mbali 6. Nambala yowonjezera ya ukatswiri imachoka pa 2 kufika pa 3. Mphwanga, amene tsopano wakonda aphunzitsi, wapempha yekha kuti moto umenewo asaulandire mwaulere, akaufune kwa winawake.

Ndinakopeka nazo, koma ndakana kuziika m'malamulo. Zilombo za levulo 5 zinawerengeredwa poganiza kuti gulu lili nazo kale mphamvu zimenezi. Ndikamutsekera msilikali kumenya kwachiwiri mpaka atapeza mphunzitsi, ndabwezeretsa vuto la Juni lija pakhomo lakumbuyo, ndipo wovutika adzakhala yemwe uja wa ku Randburg. Tagwirizana kuti mphamvu za levulo zibwere pa nthawi yake kwa onse, koma wofuna akhoza kufotokoza pa WhatsApp kumene anaziphunzira, ndipo mphunzitsi amene wamutchulayo amalowa m'nkhani ngati munthu weniweni, woti tsiku lina adzabwera kudzapempha thandizo.

Pamene ntchito yafika: malamulo akwana masamba atatu. Gawo la aphunzitsi ndi la zipsera ndi lokhazikika. Gawo la mizimu likufunikabe zitsanzo za miyambo yosavuta kuisunga koma yosavutanso kuiswa, chifukwa imene ndalemba ina ndi yolimba moti palibe angailandire. Malire a makhadi atatu sanayesedwe, poti achemwali okha ndi amene afikapo, ndipo akuti la Agogo salisiya zivute zitani. Sindinapezenso yankho la wosewera watsopano amene angalowe pakati pa nkhani ena ali ndi makhadi awiriawiri. Ganizo limene lilipo ndi loti abwere ndi limodzi la kwawo, koma alifotokoze pamaso pa onse tsiku loyamba.

Makhadi a makatoni ayamba kufufutika ndi mafuta a m'manja, ndiye ndikuwalemba pakompyuta kuti tikasindikize m'tauni pa pepala lolimba. Mu Disembala tebulo litsekedwa, chifukwa atatu akukwera basi ku Park Station kupita kumudzi. Ndikufuna gawo la mizimu likhale litatha asananyamuke, ndipo achimwene apempha kope losindikiza loti akayesere ndi ana a mlongo wawo ku Dedza, amene madayisi ndawapatulira kale.